Nyumba zakale za ku Dowa ndi Ntchisi zikugwa tikuyang'ana

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za mmene tikuzitayira nyumba zakale m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Ku Mvera, m'dera la mfumu Chiwere, ndi kumene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikitsa mishoni yawo yoyamba m'dziko muno m'chaka cha 1889. Robert Blake anatsegula ya ku Kongwe mu 1894, ndipo sekondale ya kumeneko imatchedwa dzina lake mpaka lero. M'mamishoni amenewa munatuluka matchalitchi a m'midzi, masukulu ndi nyumba za aphunzitsi, pamene boma la atsamunda nalo linasiya maofesi ndi nyumba zake. Dandaulo langa ndi lakuti nyumba zotere sitizikonza vuto likadali laling'ono, ndipo tikafika poti tikonze, nthawi zambiri timaziwononga ndi manja athu.

Nyumba ya njerwa zowotcha siigwa chifukwa cha ukalamba. Imagwa ndi madzi. Msomali umodzi ukazuka pa lata, mvula imayamba kudonthera pa phaso, phaso limawola, chiswe n'kulowa. Ngalande ya m'mbali ikatsekeka ndi zinyalala, madzi amadikha pa maziko, chinyezi n'kumakwera khoma pang'onopang'ono mpaka njerwa za m'munsi zimayamba kufumbutuka ukazikhudza ndi chala. Kuno kumapiri, kumene nkhungu imatha kuphimba mpaka dzuwa litakwera, khoma lonyowa limachedwa kuuma. Kachitsamba kamene kamera mumng'alu lero, pakapita zaka zingapo mizu yake imakhala itang'amba khoma. Zonsezi zimaoneka ndi maso zikamayamba, ndipo mmisiri mmodzi wokhala ndi makwerero, hamala ndi misomali akhoza kuzithetsa mvula isanagwe.

Chondiwawa kwambiri ndi kakonzedwe kake. Nyumba zambiri zakale anazimanga polumikiza njerwa ndi dothi kapena laimu, zinthu zimene zimalola chinyezi kutuluka dzuwa likawala. Lero komiti ikapeza ndalama imathamangira kumata khoma lonse ndi pulasitala wa simenti, n'kupakapo penti wa mafuta. Pa tsiku lotsegulira nyumba imawala, alendo n'kuomba m'manja. Koma simenti ndi youma gwa ndipo imatsekera madzi mkati. Njerwa yofewa ija imanyenyeka kuseri kwa pulasitala, kenako pulasitala amafufuma n'kugwa zibenthu, atamatula nkhope ya njerwa. Ena amazula mafelemu a matabwa olimba amene akanangofunika kupala ndi kupaka, n'kuikapo achitsulo osagwirizana ndi mpata wake. Ndalama zapita, nyumba yafooka kuposa kale, maonekedwe ake oyamba atayika.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti boma la Dowa kapena Ntchisi lili ndi mavuto oposa amenewa: ana akuphunzirira pansi pa mtengo, zipatala zikusowa mankhwala. N'zoona, koma mfundo imeneyi ikundithandiza ine. Kalasi yakale ikagwa, ana ake ndi omwe amapita pansi pa mtengo paja, ndipo kumanga ina kumadya mamiliyoni pamene kusintha malata ochepa kukanatheka ndi chopereka cha mpingo kapena kagawo kochepa ka thumba la chitukuko cha m'madera la CDF. Vuto n'lakuti kukhoma msomali sikuitanitsa atolankhani monga kumachitira kuika mwala wa maziko.

Enanso amati izi ndi nyumba za azungu, zigwe basi. Ndani anaponda dothi, kuumba njerwa, kutentha uvuni ndi kusenza mitengo kuchokera m'phiri? Ndi agogo athu, ndipo m'makalasi amenewo ndi mmene ambiri a iwo anaphunzira kulemba Chinyanja. Ngakhale malo a mbiri yowawa ayenera kusungidwa. Dzaleka inali ndende ya akaidi a ndale mu ulamuliro wa Kamuzu Banda isanasanduke msasa wa anthu othawa kwawo mu 1994, ndipo mwana wa lero ayenera kukhala ndi poti n'kuloza akamauzidwa zimenezo.

Umboni woti nyumba yakale ikhoza kukhala ndi moyo uli pafupi. M'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi muli nyumba yomangidwa mu 1914 ngati malo opumulirako bwanamkubwa wa atsamunda, ndipo lero ndi Ntchisi Forest Lodge, kumene kumagona alendo. Yafika pano chifukwa ili ndi ntchito, komanso pali wina amene denga likadontha amadzuka n'kukonza.

Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale la 1990 lilipo, nthambi ya boma yoona za malo osungirako zinthu zakale iliponso. Ndikupempha nthambiyi, makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, pamodzi ndi Sinodi ya Nkhoma, kuti alembe mndandanda wa nyumba zakale zonse m'maboma awiriwa, aziyendere chaka chilichonse mu Seputembala mvula isanayambe, ndipo asalole komiti iliyonse kumata simenti pa khoma lakale isanafunse mmisiri wodziwa laimu.

Nzika yokhudzidwa,
Mponela, Dowa