Mbewa ya manyazi inafera kuuna



Chaka chilichonse timakhala ndi ana a Fomu 4 olakalaka udokotala, unamwino kapena uzamba. Timawakakamiza pa Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi, ndipo n'zoyenera, poti ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, salowako munthu wa mapointi ofooka pa MSCE. Koma mapointi okha satsegula makomo onse. Makoleji ambiri a zaumoyo a CHAM, komanso mabungwe olipirira ophunzira fizi, amayamba aitana mwana ku intavyu. Apa m'pamene ife tikugona tulo.

Mwana wa kuno ku Dowa ndi Ntchisi tinamulera kuti pamaso pa akulu azizolika, azitsitsa mawu, asachulutse zonena. Ulemu umenewu sitikuunyoza. Koma kwa ofunsa mafunso, kuzolika ndi kunong'ona zimaoneka ngati kusadziwa. Malo amatenga mnzake wa mapointi ofanana, kungoti iye anazolowera kudzutsa mutu n'kufotokoza.

Mankhwala ake si kuloweza mayankho kutatsala sabata. Akafunsa kuti, "N'chifukwa chiyani ukufuna ntchito imeneyi?" aliyense amati akufuna kuthandiza anthu. Mwana wathu ali ndi yankho loposa limenelo. Anaonapo mayi wodwala akutsika naye phiri pa njinga, nthawi ya dzinja, kuti akafike ku Mponela, ku Madisi kapena ku chipatala cha boma ku Ntchisi. Adziwenso kuti mu 2019 Malawi linali dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo, ndipo Ntchisi linali limodzi mwa maboma oyambirira. Athe kufotokoza momwe kolera, amene anapha anthu oposa 1,700 mu 2022 ndi 2023, amafalikira kudzera m'madzi ndi chakudya.

Pali mafunso ena amene mwana wa Chisilamu asakumane nawo koyamba ali m'chipinda cha intavyu. Udzatani wodwala akafika ali kayakaya nthawi ya swala ya Juma? Mtsikana wovala hijabu adzasamala bwanji wodwala wamwamuna? Nanga ntchito ya usiku m'mwezi wa Ramadhan? Mashehe athu amadziwa kuti kupulumutsa moyo kuli ndi malo aakulu m'chipembedzo chathu. Akhale nawo pansi anawa, akambirane, kuti akayankhe modekha osati modziteteza.

Pempho lathu nali. Akomiti ya mzikiti, tipatseni Loweruka limodzi pamwezi ndi anthu atatu, mmodzi akhale wogwira ntchito kuchipatala, kuti aziwafunsa ana m'Chingerezi ngati pa intavyu yeniyeni. Makolo, madzulo mukamadya mufunseni mwana zimene waphunzira, ndipo mumusiye amalize kulankhula. Atsikana musawasiye kumphika pa Loweruka limenelo. Amayi athu ambiri amamasuka akapeza mzamba kapena dokotala wamkazi. Inu ophunzira, sungani bwino satifiketi ndi chiphaso cha unzika, mverani nkhani za umoyo pa wailesi, ndipo kwezani dzanja m'kalasi ngakhale mukuopa kusekedwa.

Dua tipitiriza kuchita, koma nayenso mwana aphunzire kutsegula pakamwa. Insha Allah, tiyamba teremu ino.