Mwana amadziwa kale kunena kuti "ndikadadziwa"

Aphunzitsi, mukafika pa phunziro lolembanso ziganizo moyamba ndi "If" kapena "Unless", ambiri mumathamangira kujambula tebulo pa bolodi: mtundu woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ophunzira amakopera, amaloweza, koma pa mayeso n'kulemba kuti "If he would have planted early, he would have harvested more." Inu mumadula ndi cholembera chofiira n'kumati mwanayo sadawerenge. Ine ndikuti adawerenga, ndipo kulakwaku kuli ndi gwero lake.

Tamvani momwe amanenera kwawo, kaya ndi ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia: "Akadadzala msanga, akadakolola zambiri." Mphatikiram'kati -kada-, yemwe ena amati -kana-, ali m'nthambi zonse ziwiri za chiganizocho. Tsono mwana akabwereza "would have" kawiri, akungotsatira chiyankhulo chake mokhulupirika. Chingerezi ndicho chimasiyanitsa: "had planted" ku nthambi ya "if", "would have harvested" ku nthambi ya zotsatira. Mukamuonetsa ziganizo ziwirizi moyandikana, amaona yekha pomwe ziyankhulozi zapatukana. Tebulo silingamuonetse zimenezo.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti muziyamba ndi tanthauzo. Lembani kuti "He did not plant early, so he harvested little," kenaka funsani: kodi adadzala msanga? Ayi. Nanga mpata wosintha zimenezi ulipobe? Palibe, nyengo idapita. Wophunzira amene wayankha mafunso awiriwa wadziwa kale kuti akufunika chiganizo cha "ndikadadziwa", osati cha "mvula ikagwa tidzala", chomwe chikudikira zam'tsogolo. Wazindikiranso chifukwa chake "did not" amasowa m'chiganizo chatsopanocho, pomwe ambiri amapunthwa.

"Unless" ndi msampha wina. Mwana amangochotsa "If" n'kusiya "Unless you do not work hard", osadziwa kuti kukana kuli kale m'kati mwa mawuwo. Mukumbutseni za "pokhapokha utalimbikira".

Ena mwa inu munena kuti kusukulu kwanu saloleza Chichewa pa phunziro la Chingerezi, komanso kuti silabasi ndi yaitali. Ndikumva. Koma kufananitsaku sikudya ngakhale mphindi 5, pomwe tebulo lomwelo mumalibwereza teremu iliyonse. Sabata ino tengani makope 10 a ophunzira anu, muwerenge kuti ndi angati ali ndi "would have" kawiri m'chiganizo chimodzi, ndipo mubwere ndi chiwerengerocho pa zokambirana za gawo lotsatira.