Masisitere amakondwera mvula isanagwe

Mwezi wa Okutobala m'dera la Mfumu Yaikulu Nkomeshya, m'boma la Chongwe, dzuwa limaswa mtengo. Msipu umapsa, nyenje zimalira osalekeza, ndipo zaka zina mtsinje wa Chongwe umaphwa mpaka amayi amalawirira usiku kukafuna madzi. M'nkhokwe zambiri chimanga chimakhala chikutha, m'munda mulibe kanthu, maso onse ali kumwamba.

Koma ino ndiyo nyengo imene zikondwerero zimatsatizana m'nyumba za masisitere a Katolika. Pa 1 Okutobala ndi chaka cha Tereza Woyera wa Mwana Yesu, nkhoswe ya mamishoni. Pa 4 ndi cha Fransisko wa ku Assisi, pa 7 cha Maria wa Korona, pa 15 cha Tereza wa ku Avila. Mwezi wonsewo ndi wa korona, ndipo pa 24 amaimba nawo nyimbo ya fuko pokumbukira ufulu umene Zambia inalandira mu 1964. Novembala amayamba ndi chaka cha Oyera Onse, mawa lake n'kupita kumanda kukapempherera amene anatisiya. Ena amafunsa ngati n'koyenera kuimba ndi kuvina pamene anthu akuvutika ndi ludzu. Ine ndikuti n'koyenera, ndipo tikadachita bwino kuphunzirapo kanthu.

Taonani ku Kasisi, kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Mishoni imeneyi anaiyambitsa ndi Bambo Jules Torrend wa chipani cha Jesuit mu 1905. Mu 1926 panatsegulidwa nyumba ya ana amasiye, ndipo mu 1928 anafika masisitere ochokera ku Poland a chipani cha Little Servants of Mary Immaculate, amene akulera ana pamalopa mpaka lero. Chipani chawo anachiyambitsa mu 1850 ndi Edmund Bojanowski, mkhristu wamba amene sanadzozedwe unsembe, koma anamva chisoni ndi ana a m'midzi amene ankasowa owasamala. Kwawo kwa masisitere oyambawo, Okutobala ndi mwezi woyamba kuzizira, ndipo Khirisimasi imadza ndi chisanu choopsa. Atafika kuno anapeza masiku omwewo ali pakati pa kutentha ndi fumbi. Sanasinthe tsiku ngakhale limodzi. Anaphunzira kukondwera m'nyengo yathu, ndipo atsikana a kuno amene analowa m'chipanicho anabweretsa ng'oma, visekese ndi nthungululu.

Amene anacherezedwapo m'nyumba ya masisitere nthawi ya chilimwe akudziwa m'mene tsiku limayendera. Belu limalira kusanache. Amayamba ndi masalimo a m'mawa ndi Misa, kenako aliyense ku ntchito yake: wina kusukulu, wina kwa odwala, wina kukhitchini. Woyang'anira dimba amathirira dzuwa lisanakwere, ndipo madzi amene atsukira mpunga kapena masamba satayidwa, amapita pa phata la mpiru ndi tomato. Masana belu limaliranso, onse amaima kunena pemphero la Mngelo wa Ambuye, thukuta lili kamukamu pansi pa nsalu ya kumutu. Madzulo amakumananso m'tchalitchi chawo chaching'ono, korona ili m'manja.

Tsiku la chaka likayandikira, ndondomeko imeneyi siisokonekera, imangowonjezeka kukoma. Sisitere wosamala za pa guwa amachapa nsalu zoyera, ndipo magetsi akazima amasita ndi simbi ya makala, mosamala kuti phulusa lisagwerepo. Maluwa sagula, amathyola amene apirira dzuwa pabwalo pawo. Oimba amabwereza nyimbo usiku ntchito zikatha. Pa chakudya pamaoneka nkhuku ya m'khola lawo lomwe, munkhoyo kapena thobwa, ndi keke imodzi yogawana onse, kuyambira wamkulu wa nyumba mpaka mlonda wa pa geti. Mawa lake palibe amene amadzuka ndi ngongole.

Masisitere a Klara Woyera, amene satuluka m'nyumba yawo koma amakhala moyo wa pemphero ndi ntchito za manja, amachita chimodzimodzi. Ku Maula, mu mzinda wa Lilongwe, amadziwika chifukwa chopembedza ndi ng'oma ndi magule a kwathu. Anthu amene analumbira umphawi ndiwo akutionetsa kuti chimwemwe sichidikira thumba kuti lidzaze.

Asoli a kwa Nkomeshya nzeru imeneyi anali nayo kale. Chakumapeto kwa chilimwe, kawirikawiri mu Okutobala, amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi. Amayi Nkomeshya Mukamambo II, amene akhala pampando kuyambira 1971, amatsogolera anthu awo kupempha mvula, n'kubzala mbewu zoyamba. Gule amavinidwa nthaka ikali youma. Mwambowu ndi mapemphero a masisitere ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo sindikufuna kuzisakaniza. Koma onsewa akudziwa kuti munthu sadzigwetsera yekha mvula, choncho amapempha pamodzi, amathokoza zokolola zisanaoneke, kenako amagwira khasu.

Chaka cha 2024 chinatikumbutsa zimenezi mowawa. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko lonse. Chimanga chinauma m'minda, madzi anatsika ku Kariba, magetsi ankazima nthawi yaitali. Mwana wamasiye amamva njala m'chaka cha chilala monga m'chaka cha mwanaalirenji, ndipo womulera alibe tchuthi. Ntchito yotere, monga ya ku Kasisi, singapitirire zaka pafupifupi 100 ndi mphamvu za thupi zokha. Masiku a chaka ndiwo amatsitsimutsa mtima wa wolera, ndipo amauza mwana wopanda mayi kuti nayenso ndi woyenera kuvala bwino, kuimba ndi kudya keke.

Pa 8 Disembala, chaka cha Maria amene anasungidwa ku tchimo kuyambira m'mimba mwa mayi ake, masisitere a ku Kasisi amakondwerera dzina la chipani chawo. Nthawi imeneyo, chaka chikakhala chabwino, chimanga chimakhala chitamera ndipo mango ali mbwee. Ife oyandikana nawo tisadikire Khirisimasi kuti tiwakumbukire. Nthawi imene nyumba zolera ana zimapanikizika ndi ino ya chilimwe. Miphakati, mabungwe a amayi ndi magulu a achinyamata apiteko tsopano ndi thumba la ufa, sopo, mafuta ophikira kapena manja othandiza kudimba, ndipo akhale nawo pa Misa ya chaka. Pobwerera kwathu tikayesenso kukonza maukwati ndi maubatizo athu monga amachitira iwo: ndi zimene tili nazo, moitana aliyense, popanda kukongola.