Mlandu Wosoŵa Bwalo

Kale ana akanyozana pabwalo la sukulu, nkhani inkathera pomwepo. Belu loŵerukira likalira, wonyozedwayo ankapita kwawo nakapeza mpumulo pakati pa abale ake. Lero sizili choncho. Chipongwe chimamlondola mwana mpaka pamphasa pamene wagona, pakuti chili m'lamya ya m'manja imene wafumbata. Chithunzi chake chojambulidwa mobisa chimaikidwa pa gulu la WhatsApp la kalasi yonse, ena nawonjezerapo mawu otukwana, ndipo pomafika m'maŵa ngakhale ana a sukulu yoyandikana nayo achiona kale. Woyambitsayo angathe kufufuta chake, koma cha anzake amene achisunga sangachifikire.

Chimene chikutidetsa nkhaŵa ife ndi chakuti mlandu wotere ukusoŵa bwalo. Mphunzitsi akaumva amati lamya n'zoletsedwa pasukulu, tsono zimenezo n'zakunyumba. Kholo nalo limati onyozawo ndi anzake a kusukulu, choncho akanene kwa aphunzitsi. Onse aŵiri akunena zoona pang'ono, koma pamene akukankhirana chomwecho mwana akuwonda, akuopa kuloŵa m'kalasi, ndipo maphunziro ake akubwerera m'mbuyo.

Makolo tivomereze kuti ana ambiri satiuza chifukwa amadziŵa chimene tidzachita. Tidzaŵalanda lamya ija, mwinanso kuŵakalipira kuti ankafunanji kumeneko. Motero wolakwiridwa ndiye walangidwa, wolakwa ali phee ndi yake m'thumba. Mwana amene waona zimenezi kamodzi sadzaululanso. Chofunika poyamba n'kumumvetsera mpaka amalize, kenaka kusunga mauthengawo ngati umboni asanafufutidwe. Tisaiŵalenso kuti Facebook salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi tsamba lake, komabe alipo ana amene amanama zaka ife eni tikuona.

Palinso kholo lina limene sitikonda kulitchula: la mwana wonyozayo. Mawu akuti "wanga sangachite zotero" aphimba zoipa zambiri. Mwana waulemu pamaso pa akuluakulu angathe kukhala chilombo akabisala kumbuyo kwa dzina lopeka.

Aphunzitsi nawo asabisale m'lamulo loletsa lamya. Chipongwecho chingalembedwe usiku kunyumba, koma ochilemba ndi ochiŵerenga amakhala m'chipinda chimodzi kukacha. Mphunzitsi ndiye woyamba kuona mtsikana amene wayamba kukhala yekha nthaŵi yopuma, kapena kuseka kumene kumabuka mwana wina akangoimirira kuti ayankhe funso. Iye ali ndi mphamvu yoitana makolo a mbali zonse n'kukhala nawo pansi.

Lamulo lilipo. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo ya Malaŵi idakhazikitsa lamulo loona za intaneti, limene limati kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera m'makina otere ndi mlandu. Mwana wosoŵa womuuza angathenso kuimba nambala ya 116 kwaulere. Koma ochimwawo kaŵirikaŵiri ndi ana okhaokha, ndipo sitikhulupirira kuti kupolisi ndiko koyambira, pokhapokha pakakhala kuopseza moyo kapena zithunzi zolaula.

Misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi imatha tsiku lonse ikukamba za ndalama za chitukuko ndi njerwa za midadada. Pamsonkhano ukubwerawu pakhale mphindi zoti agwirizane kuti mwana wozunzidwa pa lamya azikanena kwa yani, ndiponso kuti wolandira dandauloyo azichita chiyani tsiku lomwelo.