Nkhanga zinapangana kusanapse

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Mukaziona zikuulukira mbali imodzi tchire likamapsa, dziwani kuti nkhani inatha kale. Mwambiwu umandibwerera ndikaima pa Jenda, m'mbali mwa msewu wa M1, nyengo yokolola.

Mlimi amatsitsa thumba la soya panjinga, n'kumayenda sikelo ndi sikelo kufunsa mtengo. Mavenda ndi ambiri, koma mtengo ndi umodzi. Iye amayesa kuti akusankha, pamene ambiri mwa mavendawo ndi otumidwa chabe. Mpamba anautenga kwa bwana wa ku Lilongwe, bwanayo naye amakapereka soya ku makampani owerengeka oyenga mafuta ophikira ndi opanga chakudya cha nkhuku. Mtengo wa pa Jenda umachokera kumeneko.

Ku fodya ubale wa ogula umaoneka poyera. Kuyambira 2012 fodya wambiri amalimidwa pa kontirakiti: kampani imabwereketsa mbewu ndi feteleza, ndipo belo likamapita ku okushoni ya Mzuzu kapena ya Chinkhoma limakhala lili ndi mwini wake kale. Ogula akuluakulu ndi owerengeka. Alliance One inabadwa mu 2005 pamene Dimon ndi Standard Commercial anaphatikizana, ogula awiri n'kusanduka mmodzi. Limbe Leaf eni ake ndi Universal Corporation ya ku America pamodzi ndi Press Corporation. Press yomweyo ili ndi masheya ku National Bank ndi ku TNM. Choncho mlimi wa kumwera kwa Mzimba angagulitse fodya, kulandira ndalama kubanki, n'kutumizira mwana fizi pa Mpamba wa TNM, osatuluka m'bwalo la banja limodzi.

Ubale woterewu uli ndi ubwino wake. Feteleza wa ngongole wapulumutsa minda yambiri, ndipo kampani yokhala ndi abale olimba sigwa msanga chaka chikavuta. Koma chibale ndi fupa, sichiola. Kampani imayamba yamvera eni masheya, banki yoikongoza ndi wogula wa kunja, mlimi n'kubwera pomaliza. Nthawi zina sipafunikanso msonkhano wachinsinsi: ogula akachepa, aliyense amangoyang'ana mtengo wa mnzake n'kuima pomwepo.

N'chifukwa chake ndikupempha bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC kuti lisamangoona zikalata za mu ofesi. Lifike pa Jenda, lifunse kuti masikelo amenewa mpamba wake ndi wa yani, komanso ngati mitengo yoyambira imene boma limalengeza ikutsatidwa.

Koma ntchito yaikulu ndi ya alimi enife. Timafika pamsika aliyense payekha, ndi thumba limodzi, fizi ikutidikira kunyumba. Kopaletivu yosonkhanitsa matumba a mudzi wonse, yokhala ndi nkhokwe yodikirira mtengo, imakambirana ndi kampani maso ndi maso. Makalabu a bungwe la alimi la NASFAM anationetsa kale njira imeneyi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ogula anazindikira zimenezi kalekale. Ifenso tipangane soya akadali m'munda.