Bulugamu Sangatibwezere Nkhalango Yathu

Agogo anga aamuna anali mmisiri wosema mabwato kwathu ku Kande, m'boma la Nkhata Bay. Iwo ankanena kuti ali mnyamata, mtengo wa bwato ankaupeza kumtunda pang'ono kwa mudzi n'kubwerako dzuwa lisanafike paliwombo. Lero msuweni wanga amene anatengera lusoli amasema bwato la mtengo wa mango, lomwe silichedwa kuwola, chifukwa mbawa ndi mlombwa zikuluzikulu zinatha.

Izi sizikutanthauza kuti kwathu sitibzala mitengo ayi. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timamva za nyengo yobzala mitengo. Bungwe la Ripple Africa, lomwe linayamba ntchito zake ku Mwaya mu 2003, lathandiza midzi yambiri kukhazikitsa nazale. Mu 2016 dziko la Malawi linalonjezanso kukonza malo oguga okwana mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Koma funso langa ndi lakuti: kodi tikubzala chiyani? Nazale zambiri zimene ndaona zadzaza bulugamu, paini ndi kesha. Mitengo imeneyi ndi yabwino pa nkhuni, milimo ndi matabwa, koma munda wa bulugamu si nkhalango.

Nkhalango ndi mbumba ya zomera zodalirana. Pansi pa tsamba, mtondo ndi msuku pamamera bowa amene amayi amazula m'dzinja. Mikuyu ndi katope zimagwira magombe a mtsinje wa Luweya, momwe mpasa ndi sanjika zimakwera kukaswana pamiyala. Magombe akagumuka, matope amakwirira miyalayo ndipo mazira a nsomba amafa. Choncho msodzi wa ku Chintheche amene sanagwirepo nkhwangwa amalangika limodzi ndi wodula mitengo.

Nanga n'chifukwa chiyani sitifesa mitengo yachilengedwe? Yankho ndi lakuti ndi yovuta. Njere za mbawa sizichedwa kufa zikasungidwa mwachisawawa. Mbande ya msuku imanyentchera ngati m'chubu mulibe dothi lotapa pansi pa msuku unzake. Mlombwa ukamera umatha zaka zingapo ukuuma kumtunda chilimwe chilichonse uku ukukulitsa mizu, ndipo wosadziwa amauzula poganiza kuti wafa. Komiti ya kumudzi singathe kudzifufuzira yokha zonsezi.

Apa ndi pamene ndikuona ntchito ya minda yosungiramo zomera. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1987, lili ndi minda ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ambiri timaiona mindayi ngati malo ojambulitsirako zithunzi zaukwati. Komatu akatswiri ake amadziwa kuzindikira zomera, kutola ndi kusunga njere, ndiponso kuyesa kameredwe kake. Munda wa ku Mzuzu uli pamtunda wosakwana makilomita 50 kuchokera pa Nkhata Bay, ndipo nkhalango ya Mkuwazi, yomwe ili m'mbali mwa msewu wopita ku Chintheche, ikadali ndi mitengo imene ingapereke mbewu. Chimene chikusowa ndi mlatho wolumikiza zinthu ziwirizi ndi nazale za m'midzi.

Zoterezi zinachitikapo kale m'dziko muno. Mu 2016 bungwe la Botanic Gardens Conservation International linagwirizana ndi Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Forestry Research Institute of Malawi kuti apulumutse mkungudza wa ku Mulanje. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonselo. Anthu ozungulira phirilo anaphunzitsidwa kafesedwe kake m'nazale 10, anasamalira mbande zoposa 500,000, ndipo ankalandira ndalama pa mbandezo. Ngati zinatheka ndi mtengo wovuta chotere, zingakanike bwanji ndi mbawa ya ku Mpamba?

Ena adzati munthu wofuna nkhuni zowambira nsomba chaka chino sangadikire mtengo wa zaka 40. Akunena zoona, ndipo sindikuti tizule bulugamu. Iye akhale kumunda ndi kuseri kwa nyumba kuti nkhwangwa zisapite kuphiri. Koma m'magombe a mitsinje, m'mapiri ndi m'nkhalango za mafumu tibwezeretsemo zomwe zinalimo. Pena sipofunika n'kubzala komwe: zitsa za tsamba zimaphukira zokha tikaziteteza ku moto ndi mbuzi. Katswiri angatiuze malo ofunika mbande ndi malo ongofunika kuwasiya apume.

Akatswiriwo nawonso abwere ngati ophunzira. Agogo ankadziwa m'Chitonga dzina la mtengo uliwonse, mwezi umene umagwetsa njere, ndi dothi limene umakonda. Anamwalira popanda wolemba zimenezi, ndipo anzawo otsala ku Usisya ndi ku Kande akutha mmodzimmodzi. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza, pempho langa ndi lakuti tisiye kuwerenga mbande zobzalidwa zokha. Tiziwerenganso mitundu yake, ndi kuchuluka kwa zomwe zili moyo pakatha zaka 5. Msuweni wanga sadzasemanso bwato la mbawa, koma mdzukulu wake angadzaseme ngati njere zake titazitola chaka chino.