Nyimbo za pa malekodi akale: kodi boma la Chadiza lidzasunga zake?

M'mwezi wa October chaka cha 2024, woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yotchedwa Noid. Mkati mwa nyimboyi munamveka mawu a Chinyanja a malemu Paul Ngozi, omwe anatengedwa pa lekodi ya gulu la Ngozi Family ya chaka cha 1977. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, koma mawu ake anafika kwa omvera ambirimbiri chifukwa panali anthu amene anasunga nyimbo zake, nazisamutsira pa kompyuta ndi kuzitulutsanso.

Nkhaniyi inakondweretsa anthu ambiri m'dziko la Zambia, komabe inadzutsa funso limene likukhudza maboma akutali ndi mzinda wa Lusaka, monga boma la Chadiza m'chigawo cha Kum'mawa, kumalire ndi dziko la Mozambique. Amuna ambiri a m'chigawochi anagwira ntchito ku migodi ya Copperbelt, ku Rhodesia ndi ku South Africa, ndipo ena pobwerera kwawo ankanyamula galamafoni ndi malekodi. Amene sanasweke kapena kutayidwa ali m'mabokosi ndi pansi pa mabedi, momwe fumbi, chuku cha m'dzinja ndi kutentha kwa m'chilimwe zikuwawononga pang'onopang'ono. Lekodi ikapindika ndi dzuwa kapena ikasweka, nyimbo yake ikhoza kutheratu ngati palibe kwina kumene inasungidwa.

Mbiri yojambula nyimbo m'dziko la Zambia ndi yaitali. Wailesi ya Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inkajambula oimba a m'midzi ndi m'matauni kuyambira m'zaka za m'ma 1940, ndipo m'modzi mwa anthu otchuka pa ntchitoyi anali Alick Nkhata, yemwe anafa mu 1978. M'zaka za m'ma 1970, boma la Dr Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dzikolo. Makampani monga Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour a ku Ndola anatulutsa malekodi ambiri a oimba a nthawiyo, kuphatikizapo a nyimbo zimene tsopano zimadziwika kuti Zamrock. Chuma chitavuta ndipo makaseti atabwera, malekodi anasiya kupangidwa ndipo anthu anayamba kuwaona ngati zinthu zopanda ntchito.

Chodetsa nkhawa n'chakuti gawo lalikulu la ntchito yopulumutsa nyimbozi lachitikira kunja. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku International Library of African Music, malo amene iye anakhazikitsa mu 1954 ndipo anasamukira ku Rhodes University ku South Africa mu 1978. Zina mwa izo zinatulutsidwanso pa ma CD ndi kampani ya SWP Records ya ku Netherlands, yomwe mwini wake, Michael Baird, anabadwira ku Lusaka. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles ndiyo inatulutsanso nyimbo za magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa zina m'zimbale ziwiri zotchedwa Welcome to Zamrock. Ntchito imeneyi ndi yoyamikirika. Koma wogulitsa amasankha zimene ogula ake akufuna, kotero nyimbo za tchalitchi, za kwaya ya sukulu kapena za woimba amene ankadziwika ku Chipata ndi ku Katete kokha sizingayembekezere thandizo la kunja.

Kusamutsa nyimbo kuchoka pa lekodi sikufuna zipangizo zambiri. Pamafunika makina ozunguza lekodi okhala ndi singano yabwino, kachipangizo kokweza ndi kuwongola mawu ochokera ku singanoyo, kena kowalowetsa mu kompyuta, ndiponso pulogalamu yojambulira monga Audacity, imene imapezeka mwaulere. Choyamba lekodi imatsukidwa ndi madzi oyera bwino ndi kansalu kofewa, motsata mizere yake, chifukwa phokoso lambiri limachokera ku fumbi lomatirira m'mizeremo. Malekodi a vinyl amazungulira ka 33 kapena ka 45 pa mphindi. Mbale zakale za galamafoni zimazungulira ka 78, zimafuna singano yonenepa, ndipo siziyenera kupukutidwa ndi spiriti chifukwa amazisungunula. Bungwe la IASA, lomwe limasonkhanitsa akatswiri osunga mawu padziko lonse, limalangiza kuti nyimbo ijambulidwe m'mtundu wa WAV, wosapanikizidwa, pa 24 bit ndi 48 kHz kapena kuposerapo. MP3 ndi yabwino potumizirana pa foni, koma imataya mbali ina ya mawu imene siingabwezedwenso.

Pamene pali ngozi yaikulu ndi pa ntchito yoyeretsa mawu. Pulogalamu yochotsa kuthetheka kwa lekodi imafunafuna phokoso lalifupi ndi lakuthwa, n'kulifafaniza. Koma kuomba m'manja kwa amayi pa chitelele, kulira kwa maseche ndi kugunda kwa ng'oma ya mbalule nazonso n'zazifupi ndi zakuthwa. Munthu akakweza kwambiri mphamvu ya pulogalamuyo, imadya m'mphepete mwa ng'oma, nthungululu zimafooka, ndipo oimba amamveka ngati akuimbira m'mtsuko. Mapulogalamu atsopano oyendera nzeru za makina amatha ngakhale kudzaza malo owonongeka ndi mawu amene woimbayo sanatulutsepo. Pa chifukwa chimenechi akatswiri amasunga kope loyamba monga linatulukira pa lekodi, ndi phokoso lake lomwe, ndipo amayeretsa kope lachiwiri. Amasunganso makope m'malo osiyana, popeza kompyuta nayonso imafa.

Apa m'pamene anthu a ku Chadiza ali ndi chimene katswiri wa ku Los Angeles alibe. Khutu limene linakulira pa bwalo la gule limadziwa kusiyanitsa kuthetheka kwa lekodi ndi kulira kwa chida choimbira. Achikulire a m'madera a mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume akhoza kuzindikira mawu a woimba, kutchula mwambo umene nyimbo inkaimbidwira, ndi kumasulira mawu okuluwika amene achinyamata sakuwamvanso. Nyimbo yosungidwa popanda dzina la woimba, chaka ndi tanthauzo lake imakhala yataya theka la phindu lake. Achikulirewo ndiwonso angauze wojambula kuti nyimbo zina za kudambwe kapena za kuchinamwali siziyenera kuikidwa poyera, ngakhale kuti Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha anthu onse.

Palinso nkhani ya malamulo. Kukhala ndi lekodi m'nyumba sikupereka ufulu wogulitsa nyimbo zake. Lamulo la Copyright and Performance Rights la 1994 limateteza opeka ndi oimba, ndipo bungwe la ZAMCOPS limatolera ndalama m'malo mwawo. Mu 2016 nyumba ya malamulo inavomerezanso lamulo loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za chikhalidwe. Wosamutsa nyimbo ayenera kufunafuna abale a woimba asanazifalitse.

Chaka chilichonse pa 27 October, bungwe la UNESCO limakumbutsa mayiko za kusunga mawu ndi zithunzi zakale. Ku Chadiza tsikulo limafika pamene kutentha kuli pachimake ndipo mvula ili pafupi. Khonsolo, sukulu ya sekondale kapena tchalitchi zikhoza kupereka chipinda chimodzi, kuphunzitsa achinyamata awiri kapena atatu, ndi kuitana mabanja kuti abweretse malekodi awo, ajambulidwe, alembedwe m'kaundula ndipo abwezedwe kwa eni ake pamodzi ndi kope la pa foni. Malekodi osungidwa choimirira pamalo ozizira akhoza kudikira zaka zina zingapo. Koma achikulire odziwa amene anaimba pa malekodiwo akucheperachepera chaka ndi chaka.